Mkazi wopanda nkhoswe: ukwati ndi mphamvu m'masewero achisoni a ku Athens

Sewero la Medea limayamba mwini dzina asanaoneke. Woyamba kutuluka ndi mayi wokalamba, kapolo amene anamulera, ndipo ndiye akutiuza zimene zili m'nyumbamo. Medea sakudya, wangodzigwetsa pansi, maso ali kudothi, ndipo anzake akamamulangiza zikungokhala ngati akulankhula ndi mwala. Mwamuna wake Jason wamusiya ndi ana awiri aamuna n'kukakwatira mwana wa Creon, mfumu ya ku Corinth. Posakhalitsa m'katimo mukumveka mfuu, mkazi akutemberera mwamuna, ana ndi nyumba yonse. Oonerera akudikira kuti pakhomopo patuluka munthu wozungulira mutu. Chitseko chitatseguka, akutuluka mkazi wodekha, wa mawu osanjika, ndipo akuyamba kufotokozera amayi a mumzindawo chimene ukwati uli kwa munthu wamkazi.

Seweroli analemba ndi Euripides, ndipo linaonetsedwa koyamba mumzinda wa Athens, ku Greece, m'chaka cha 431 Khristu asanabadwe. Masewero otere ankachitika pa chikondwerero cha mulungu wawo Dionysus, cha m'ma Malichi kapena Epulo, pa bwalo lomwe lili m'munsi mwa phiri la Acropolis. Unali mpikisano wa boma. Alembi atatu ankasankhidwa, aliyense n'kubweretsa masewero achisoni atatu ndi limodzi lopepukirapo, kenako oweruza n'kunena wapambana. Alembi onse anali amuna, oweruza amuna, ndipo osewera onse anali amuna ovala zigoba kumaso. Medea amene anaima pabwalo tsiku limenelo anali bambo wovala nkhope ya mkazi.

Apa m'pamene pali chodabwitsa. Mumzinda momwe mkazi waulemu sankatchulidwa n'komwe dzina m'bwalo la milandu, masewero opitirira pang'ono 30 amene atsala mpaka lero adzaza ndi akazi olankhula, otsutsa, ndi ena opha. Ndipo nthawi zambiri tsoka limabadwira pamalo amodzi, pakati pa mwamuna ndi mkazi wake. Kuti timve chimene anthu a ku Athens ankamva, tiyenera kuyamba tadziwa ukwati wawo.

Mkazi wa ku Athens ankakhala pansi pa mwamuna wina wake kuyambira kubadwa mpaka kufa. Mwamunayo ankatchedwa kyrios, kutanthauza mbuye. Ali mtsikana, mbuyeyo anali bambo ake. Akakwatiwa, anali mwamuna wake. Akafedwa, anali mwana wake wamwamuna kapena mbale wa kuchimuna. Payekha sakanatha kusuma kapena kuyankha mlandu, ndipo lamulo silinkamulola kuchita pangano la malonda loposa mtengo wa muyezo umodzi wa balere, pafupifupi malita 52, ngati ndowa ziwiri ndi theka. Ukwati weniweniwo unali pangano la amuna awiri, bambo wa mtsikana ndi mkwati. Mawu amene bambo ankanena, monga tikuwapezera m'masewero anthabwala a mlembi Menander, anali akuti akupereka mwana wakeyo kuti alimidwe n'kutulutsa ana ovomerezeka. Ankamutenga ngati munda. Mtsikanayo nthawi zambiri ankakhala wa zaka 14 kapena 15, mwamuna wa zaka pafupifupi 30.

Kwa amene tikudziwa malowolo, chuma cha ukwati wawo chinkayenda chobwerera m'mbuyo. Banja la mkazi ndilo linkapereka ndalama kapena katundu, zotchedwa proix, kwa mwamuna. Iye ankaziyendetsa, koma sizinali zake. Ukwati ukatha ankayenera kubweza zonse, ndipo akachedwa ankalipira chiwongoladzanja cha 18 peresenti pachaka. Chimenechi ndicho chinali chishango cha mkazi, chifukwa mwamuna ankaganiza kawiri asanamuthamangitse. Komabe chishangocho chinkagwira ntchito pokhapokha ngati kwawo kwa mkaziyo kuli bambo kapena mlongo woti akalonjerere chumacho. Kusudzulana nako kunali kopendekeka. Mwamuna ankangomubweza mkazi kwawo, nkhani yatha, ana n'kutsala kwa bambo. Mkazi akafuna kuchoka ankayenera kukaonekera kwa mkulu wa boma wotchedwa archon. Wolemba mbiri Plutarch anasimba za Hipparete, mkazi wa mkulu wa asilikali Alcibiades, amene anatopa ndi chimasomaso cha mwamuna wake n'kupita kukapereka dandaulo lake. Alcibiades anamupeza komweko, anamunyamula, n'kudutsa naye pakati pa msika mpaka kunyumba, popanda ndi mmodzi yemwe womuletsa.

Lamulo lina ndi lofunika kwambiri pa nkhani ya Medea. Cha mu 451 Khristu asanabadwe, Pericles, mtsogoleri wa Athens, anakhazikitsa kuti nzika ya Athens ndi yekhayo amene bambo ndi mayi ake onse ndi a ku Athens. Kuyambira pamenepo, mwana wobadwa kwa mkazi wobwera analibe malo pakati pa nzika. Lamuloli linadzamuluma mwini wake yemwe, pakuti ana ake ovomerezeka atafa ndi mliri, anachita kupempha kuti mwana amene anabereka ndi Aspasia wa ku Miletus alandiridwe.

Tsopano timumvere Medea. Akuti mwa zamoyo zonse zokhala ndi nzeru, akazi ndiwo omvetsa chisoni kwambiri. Amagula mwamuna ndi chuma chambiri, ndipo amene amugulayo amasanduka mwini wa thupi lawo. Sadziwa ngati apeza wabwino kapena woipa, kuchoka pabanja n'konyozetsa, kumukana mwamuna n'kosatheka. Mwamuna akatopa ndi za m'nyumba amatuluka kukapitidwa mphepo kwa anzake, mkazi maso ake ali pa munthu mmodzi basi. Amuna amati akazi amakhala mwamtendere pakhomo pamene iwo ali kunkhondo, koma iye akuti bola kuima katatu pamzere wa nkhondo atagwira chishango kusiyana ndi kubereka kamodzi. Tikumbukire kuti ambiri mwa omvera mawuwa anali asilikali, ndipo nkhondo yaikulu ya Athens ndi Sparta inayamba chaka chomwecho.

Mawu amenewa ndi otchuka, koma amene amandigwira mtima ndi otsatira. Medea akuwauza amayi a ku Corinth kuti nkhani yake ndi yawo si imodzi. Iwo ali ndi mzinda wawo, nyumba ya bambo awo ndi anzawo. Iye alibe mayi, alibe mlongo, alibe wachibale woti athawireko. M'chinenero chathu tingati alibe nkhoswe. Kwathu banja likagwedezeka, pali anthu a mbali zonse ziwiri amene anaona chiyambi chake ndipo amakhala pansi n'kumva mlandu. Medea anadzikwatitsa yekha. Anali mwana wa mfumu Aeetes ya ku Colchis, dera lomwe lero lili m'dziko la Georgia, ndipo anapandukira bambo ake kuti athandize Jason kutenga chikopa cha nkhosa chagolide. Mlongo amene akanamuimira lero anamupha yekha pothawa. Panalibe bambo womupereka, panalibe proix yoti ibwezedwe. Ukwati wonse unaima pa lumbiro limene Jason anachita pamaso pa milungu atagwirana naye dzanja lamanja, ndipo n'chifukwa chake m'sewero monse Medea akungobwerera ku lumbirolo ndi ku dzanjalo. Ndicho chokha chimene anatsala nacho.

Jason akabwera, sakulankhula ngati chilombo. Akulankhula mofatsa ngati munthu amene sanafunsidwepo kuti afotokoze zochita zake. Akuti sanakwatire mwana wa mfumu chifukwa cha chilakolako, koma kuti banja lichoke mu umphawi wa anthu othawa kwawo, ndiponso kuti ana a Medea adzakhale abale a ana achifumu. Akuti amene anamupulumutsa ku Colchis si Medea koma mulungu wa chikondi amene anamugwira mkaziyo mtima. Akumukumbutsa kuti anapindula pobwera ku Greece, dziko la malamulo, kuchoka kwa anthu osatukuka. Akumulonjeza ndalama ndi zizindikiro zoti akalandiridwe nazo kwa abwenzi ake kunja. Pomaliza akuti zikanakhala bwino ana akanamabadwa mwanjira ina, mtundu wa akazi n'kusakhalapo. Medea akumuyankha ndi funso limodzi lomwe likugwetsa zonsezi: ngati cholinga chinali chabwino, bwanji sanamuuze poyamba, m'malo mochita mobisa? Mwamuna wa ku Athens wokhala pabwalopo, amene akudziwa lamulo la Pericles, akanaona kuti Jason akuchita zanzeru zomwe aliyense akanachita. Euripides anamukakamiza kuona zanzeruzo kuchokera kumbali ya amene akutayidwa.

Creon walamula kuti Medea achoke m'dzikomo, ndipo iye atagwada wapempha tsiku limodzi lokha. Mfumuyo yamuuza kuti chimene imakonda koposa ndi ana ake. Kenako kukudutsa Aegeus, mfumu ya Athens, ali ndi chisoni chifukwa alibe mwana, ndipo Medea akumulumbiritsa kuti adzamusunga. Amuna awiriwa amuonetsa pamene mwamuna amamva kuwawa. Mwamuna wopanda mwana wamwamuna nyumba yake yafa, dzina lake lafa, palibe womuika m'manda. Medea akutumiza ana ake kwa mkwatibwi ndi mphatso, mkanjo wosalala ndi chisoti chagolide, zonse zopakidwa poizoni. Wamthenga akusimba mmene mtsikanayo anavalira, nadziyang'ana pagalasi akumwetulira, nayendayenda m'chipinda akusuzumira mmene mkanjo wagwera kuchidendene, mpaka nkhope inasintha, thovu kukamwa, chisoti chikulavula moto. Bambo ake atamukumbatira anakanirira pomwepo, nafera pa mtembo wa mwana wawo.

Kenako ana. Pano sindifuna kuchepetsa kanthu. Ana awiri osalakwa akuphedwa ndi mayi wawo, ndipo mawu awo akumveka kuchokera m'nyumba akufunsana kuti athawira kuti. Palibe chimene Jason anachita chomwe chingatsuke magazi amenewo, ndipo Euripides sanayese kuwatsuka. Nthano zina zakale zinkati anawo anaphedwa ndi anthu a ku Corinth, koma iye anasankha kuti lupanga likhale m'dzanja la mayi. Anamuonetsa akupsompsona manja awo, akununkhiza mpweya wawo, akubwerera m'mbuyo n'kupitanso patsogolo. Chimene ndikuona m'menemo n'chakuti mkazi amene wangowerengedwa ngati munda wotulutsa ana a mwamuna wayamba kuwaona ana ake omwe ndi diso lomwelo, ngati chuma cha Jason choti chiwonongedwe. Zimenezi n'zoopsa, ndipo kuopsa kwake kunayamba kale lupanga lisanasololedwe.

Zaka 27 sewero la Medea lisanaonetsedwe, mu 458, mlembi wina, Aeschylus, anali atapambana mpikisano womwewo ndi masewero atatu otsatizana otchedwa Oresteia, ndipo iye nkhani ya mphamvu m'banja anaifikitsa m'khoti. Agamemnon, mfumu ya ku Argos, popita kunkhondo ya ku Troy, anapha mwana wake wamkazi Iphigenia ngati nsembe ku Aulis kuti mphepo ilole zombo kuyenda. Patatha zaka 10 akubwerera ku Argos atatenga Cassandra, mkazi wogwidwa kunkhondo, pagaleta lomwelo. Mkazi wake Clytemnestra wakhala akulamulira mzinda nthawi yonseyi, ali ndi chibwenzi chake Aegisthus. Mlonda wa panyumba akumutcha mkazi wa mtima wolingalira ngati mwamuna, ndipo akulu a mzinda akumupeputsa mofanana ndi amene amati ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Iye akuyala nsalu zofiirira zamtengo wapatali kuti mwamuna apondepo polowa, akumukola ndi nsalu m'bafa ngati nsomba mu ukonde, n'kumupha. Akulu aja atamuopseza kuti amupitikitsa, akuwafunsa kuti anali kuti tsiku limene bamboyu anapha mwana wake ngati nkhosa ya m'khola. Funsoli silikuyankhidwa.

Mwana wawo Orestes akubwezera pomupha mayi ake. Asanamuphe, mayiyo akumukumbutsa zolakwa za bambo ake, ndipo mnyamatayo akuti wokhala pakhomo asamadzudzule amene akukhetsa thukuta kunja. Mizimu yaikazi yolipsira magazi ikumusaka mpaka ku Athens, kumene Athena, mulungu wamkazi wa mzindawo, akukhazikitsa bwalo pa phiri la Areopagus, lomwe m'moyo weniweni linali bwalo lozenga milandu yakupha. Funso ndi lakuti cholemera n'chiti, mkazi kupha mwamuna wake kapena mwana kupha mayi ake. Mulungu Apollo, woimira Orestes, akunena kuti mayi si kholo la mwana. Wobereka ndi mwamuna amene amafesa, mkazi amangosunga mbewu ngati mlendo wosungira mnzake katundu. Umboni wake ndi Athena yemweyo, amene nthano imati anatuluka m'mutu mwa Zeus, mfumu ya milungu, popanda mayi. Athena akuvomera kuti poti sanabadwe mwa mkazi, amaima kumbali ya mwamuna. Mavoti atawerengedwa akufanana, ndipo Orestes akumasulidwa.

Kwa munthu wokulira kumene mwana amawerengedwa kumbumba ya mayi ake, ndipo amalume ndiwo ali ndi mawu, mfundo ya Apollo imamveka yachilendo zedi, ndipo zimathandiza kuona kuti si chilengedwe chimene chikulankhula apa koma dongosolo la mzinda umodzi. Aeschylus anafuna kuonetsa kubadwa kwa chilungamo cha m'bwalo m'malo mwa kubwezerana magazi, ndipo chimenecho ndi chinthu chachikulu. Koma mlandu woyamba wa bwalolo ukutha popanda wotchulanso dzina la Iphigenia. Chosaiwalika n'chakuti oweruza anagawanika. Ngakhale m'sewero lolembedwa ndi mwamuna, gawo lalikulu la bwalo silinakhutire.

Wina anganene kuti awa ndi akazi opha, nanga omvera zinawathera bwanji? M'sewero la Sophocles la amayi a ku Trachis, Deianeira wadikira mwamuna wake Heracles kwa zaka zambiri. Heracles wawononga mzinda wathunthu wa Oechalia chifukwa chofuna mtsikana Iole, ndipo wamutumiza kunyumba. Deianeira sakukalipa, mtsikanayo akumumvera chisoni, koma akuti sangathe kugawana bulangete limodzi ndi mkazi mnzake. Akupaka pa malaya a mwamuna wake magazi amene anauzidwa kuti ndi mankhwala achikondi, osadziwa kuti ndi poizoni. Atamva zimene zachitika, akuchoka osanena kanthu, akuyala bedi la ukwati wawo n'kudzibaya pomwepo. Heracles atauzidwa kuti mkaziyo sanachite dala, samutchulanso. Nkhawa yake ndi yakuti mwana wake Hyllus akwatire Iole kuti mwamuna wina asamukhudze.

Alcestis, m'sewero la Euripides la mu 438, ndiye mkazi wabwino koposa onse. Mwamuna wake Admetus, mfumu ya ku Pherae, waloledwa kuzemba imfa ngati wina angafe m'malo mwake. Makolo ake okalamba akana, mkazi wavomera. Chimene wapempha n'chimodzi, kuti ana ake asaleredwe ndi mayi wowapeza, ndipo Admetus walonjeza kuti sadzatenganso mkazi. Bambo ake a Admetus pamaliro akumuuza maso ndi maso kuti ndi wamantha amene walola mkazi kumufera. Tsiku lomwelo Heracles akubwera ndi mkazi wofunda kumutu, akumukakamiza Admetus kuti amulandire, ndipo iye atakanakana akutambasula dzanja. Nsalu itavundukulidwa, ndi Alcestis, wolanditsidwa ku imfa. Waona ndi maso ake lonjezo likugwedezeka, koma salankhula. Heracles akuti saloledwa kutulutsa mawu mpaka tsiku lachitatu, ndipo sewero likutha tsikulo lisanafike.

Kodi alembiwa anali kumbali ya akazi? Anthu akhala akukangana pa funsoli kuyambira nthawi yomweyo. Mu 411, Aristophanes analemba sewero lanthabwala momwe amayi a ku Athens akupangana zomulanga Euripides chifukwa chowaipitsira mbiri. Zaka zoposa 2,300 pambuyo pake, Medea ataonetsedwa ku London mu 1907 m'Chingerezi cha Gilbert Murray, amayi omenyera ufulu wovota ku Britain ankalakatula mawu ake aja pamisonkhano yawo. Onse awiri anaona chinthu choona. Masewerowa amamupatsa mkazi mpata wonena dandaulo lake lonse, momveka kuposa mwamuna amene akutsutsana naye. Koma akatero amamutsekera makomo onse. Palibe bwalo lomumvera, palibe wachibale womuimira, ndipo zotsala ndi lupanga, imfa yake yomwe, kapena kukhala chete. Mwamuna wopita kunyumba ataonera sewero lotere akanatha kunena kuti akazi ndi oopsa, tiziwatsekera. Akanathanso kudzifunsa chimene mkazi wake amaganiza akakhala phee. Ine ndimakhulupirira kuti Euripides ankafuna funso lachiwirili, chifukwa cha mmene anamalizira sewero lake.

Jason akuthamangira kunyumba kuti apulumutse ana, akugogoda chitseko, ndipo Medea akuonekera pamwamba, pamalo pomwe m'masewero ena pamaima milungu, ali m'galeta limene agogo ake Helios, mulungu wa dzuwa, amutumizira. Mitembo ya ana ili naye. Tsopano wopempha ndi Jason. Akupempha kuti awaike m'manda, kapena angowakhudza khungu, ndipo akukanizidwa. Amene anathyola lumbiro ndiye akuitana milungu kuti ichitire umboni. Medea salangidwa ndi aliyense. Katswiri wa nzeru zakuya Aristotle anadzadandaula kuti mathero otere sachokera m'nkhani yeniyeniyo, koma oonerera a tsiku limenelo anamva bwino kumene galetalo likulowera, pakuti Medea akunena yekha kuti akupita kukakhala kwa Aegeus, ku Athens, mumzinda womwe iwo anakhalamo.

Oweruza anamuika Euripides pa nambala 3, pomalizira. Woyamba anali Euphorion, mwana wa Aeschylus, wachiwiri Sophocles. Patangopita miyezi yowerengeka, m'nyengo yozizira, anthu omwewo anasonkhana kumanda a boma kudzaika asilikali oyamba kufa pankhondo ya Sparta. Pericles ndiye analankhula, ndipo malinga ndi wolemba mbiri Thucydides, chakumapeto anatembenukira kwa amayi amasiye n'kuwapatsa mawu ochepa. Anati ulemerero waukulu wa mkazi ndi wakuti asamatchulidwe pakati pa amuna, kaya pa zabwino kaya pa zoipa.